Thanga la a Daka

Ku Kabwata kulibe nyanja. Kulibe mtsinje, kulibe dziwe, ndipo masiku ano ngakhale madzi a pampopi amabwera akafuna okha. Koma mukalowa kanjira kena kuseri kwa msika n'kusuzumira pampanda wa nyumba ina yakale ya khonsolo, yokhala ndi mtengo wa mapeyala pakhomo, muona bwato. Lagona chafufumimba pamatayala akutha, nkhuku zikuikira pansi pake. Mwini wake ndi a Mathias Daka, bambo wamtali, wouma thupi, amene ana a m'deralo amawatchula kuti ba Kapiteni. Iwo amachita ngati dzinalo limawanyansa, koma mukawaitana nalo amatembenuka msanga kuposa mukawaitana ndi la ubatizo.

A Mathias anabadwira mu Lusaka momwemu, makolo awo atachoka ku Katete kudzasaka ntchito. Mpaka ndevu kumera, madzi ambiri amene anali atawaonapo anali a m'ngalande za ku Kamwala mvula ikagwa. Anaphunzira kuwotcherera zitsulo, anakwatira a Elina, mtsikana wa m'kwaya ya ku Katolika amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina m'tauni, ndipo anapatsidwa kanyumba aka. Kenako ntchito inasowa. Imene inapezeka inali kutali, ku Mpulungu, kumene dziko la Zambia limathera m'nyanja ya Tanganyika. Padoko la kumeneko pankafunika munthu wokonza makina okwezera katundu m'sitima.

A Elina sanapite nawo. Si kuti anakana, ayi. Nyumba ya khonsolo masiku amenewo sinkadikira munthu. Ukaitseka miyezi ingapo, pobwera unkapeza makatani a eni ake pazenera. Choncho anagwirizana kuti mkazi atsale kusunga nyumba, mwamuna akasake chakudya, azibwera pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Ankati ndi za kanthawi kochepa. Kanthawi kochepako kanawadyera unyamata wawo wonse.

Chaka choyamba a Mathias anasungulumwa koopsa. Chilankhulo cha kumeneko sankachimva, kutentha kunkawafooketsa, ndipo Lamlungu akatuluka m'tchalitchi analibe koti n'kupita. Amene anawapulumutsa ndi a Kangwa, mkulu wina amene ankayendetsa boti la injini padokopo. Kuseri kwa shedi yokonzeramo zitsulo kunali kabwato ka mapulanga opyapyala, kosiyidwa ndi mzungu wina amene anabwerera kwawo. Kanali ndi mlongoti wake, tsigiro lowongolera kumbuyo, ndi thanga, chinsalu choyera cha ngodya zitatu chimene chimakola mphepo. A Kangwa anati kabwatoko kakungofuna misomali ndi penti basi. A Mathias anakonza zitsulo zake zonse, ndipo Lamlungu lina awiriwo anakakankhira m'madzi.

Tsiku loyambalo a Mathias anatulutsa nkhafi ziwiri m'bwatomo n'kuzitaya pamchenga, ati zikungodzaza malo, popeza mphepo inalipo yambiri. A Kangwa anazitola n'kuziponyamonso.

"Iwe mwaice, nkhafi sizisala," anatero mkuluyo, amene aliyense womuposa zaka ankamutchula kuti mwaice. "Mphepo ikakana, upalasa chabe."

Miyezi yoyamba a Mathias anamwa madzi a Tanganyika okwanira banja lonse. Koma atazolowera, ha! Munthu uja anapeza chimene anabadwira. Ankakankha bwato pamiyala, pafupi ndi pamene amayi amayanika tinsomba totchedwa kapenta, n'kulumphiramo miyendo ili chinyowere. Poyamba thanga linkangokupiza, phaphapha, phokoso lokhalokha, bwato osasuntha. Akakoka chingwe pang'ono, n'kukankha tsigiro pang'ono, chinsalu chija chinkatupa n'kukhala chete. Bata limenelo ndi limene ankalifuna. Munthu wokhala sabata yonse m'phokoso la nyundo ndi makina ankangomva madzi akunyambita pansi pa mapulanga, bwato likuyenda popanda injini, popanda wopalasa.

Njira yawo inali imodzimodzi. Ankayamba n'kudutsa kumbuyo kwa sitima zokweza simenti ndi shuga, kumene mphepo inkasowa, bwato n'kumangoyandama m'fungo la dizilo, amalinyero akuwakuwira m'Chiswahili kuchokera pamwamba. Akangotuluka mumthunzi wa sitima, mphepo inkawagwira mwadzidzidzi. Bwato linkapendekeka, iwo n'kukhalira m'mphepete mwenimweni, msana uli pamwamba pa madzi, tsigiro likunjenjemera m'dzanja. Ankaloza chilumba chimene chayang'anana ndi doko, ndipo akayandikira mpaka kuona miyala pansi pa madzi, ankatembenuka. Potembenuka, mtengo wa m'munsi mwa thanga umadutsa pamwamba pa bwato kuchoka mbali ina kupita ina, ndipo wochedwa kuwerama umamuphunzitsa pamphumi. A Mathias ali nacho chipsera chake mpaka lero.

Akabwerera kumtunda asodzi ankawafunsa kuti nsomba zili kuti. Panalibe. Nanga aolotsa ndani? Panalibenso. Asodziwo ankangopukusa mitu, chifukwa bwato lopita kopanda kanthu n'kubwerera pomwe lachokera, kwa iwo inali misala ya azungu imene yalumphira munthu wakuda. A Mathias ankangodziwa kuti akatsika mtima unkakhala utapepuka, ndipo kuti chinthu chimodzi chokha chinkasowa m'bwatomo, mkazi wawo.

A Elina anapitako kamodzi kokha, Becky, mwana wawo mmodzi yekhayo, ali kumsana. Anakana kukwera ndi khanda, ndipo panalibe wowatsutsa. Anaima pamiyala kuti aonerere. A Mathias, pofuna kudzionetsa, anakoka chingwe mopitiriza, anadutsa pafupi akukweza dzanja ngati munthu wopempha mavoti, ndipo mphepo inawagubuduza pamaso pa mkazi wawo ndi amayi onse a kapenta. Anavuuka chipewa chitapita. A Elina anaseka mpaka kukhala pansi, mwana kumsana n'kuyamba kulira.

"Ndiye ichi chamene mufuna kunikwezamo, atate ake Becky?"

"Mukabwelanso muzaona bwino, amake Becky. Nizakuzungulitsani doko yonse."

"Nikabwelanso," anatero a Elina, akupukuta misozi ya kuseka.

Sanabwerenso. Chaka china kunali sukulu ya Becky, chaka china amayi awo a Elina anadwala, chaka china basi palibe chifukwa, moyo unangodzaza. Ntchito itatha padoko, anzawo a Mathias anabwerera kwawo ndi mafiriji ndi malata. Iwo anabwera ndi bwato, litamangidwa pamwamba pa matumba a kapenta palole. Kabwata yense anatuluka kudzaona, ndipo dzina la ba Kapiteni linabadwa tsiku lomwelo. Anthu ankawauza kuti alitengere ku Kafue, si kutali. Iwo ankati kumeneko ndi mtsinje, madzi ake amakukoka okha. Nanga kunyanja ya ku Siavonga? Ankati mphepo ya kumeneko sakuidziwa. Zoona zake n'zakuti iwo ankafuna Mpulungu basi, ndipo ankafuna zonse zidzakhale ndendende mmene anazisiyira.

Bwato linagona pamatayala, koma thanga linapeza ntchito ina. Mwezi wina wa Okutobala oyandikana nawo nyumba, a Mpundu, anataya mwana wawo wamkazi. Masofa anatulutsidwa panja monga mwa mwambo, amayi m'nyumba, azibambo pabwalo, dzuwa likuwotcha pamutu penipeni, tenti osapezeka. A Mathias anapirira mpaka masana, kenako ananyamuka n'kukabwera ndi thanga lawo. Ngodya ina anamanga kudenga, ina kumtengo wa mango, yachitatu anakoloweka chingwe pamzati wa geti. Mthunzi unagwa pa anthu olira, ndipo a Mpundu anawagwira dzanja nthawi yaitali.

Kuyambira pamenepo maliro a m'deralo sankayamba bwino thanga la a Daka lisanafike. Linayenda Kabwata yense, linafika ku Chelstone ndi ku Kaunda Square, kamodzi linakalowa ngakhale ku Woodlands, kwa anthu otha kulipira tenti, chifukwa womwalirayo anakulira pamsika wa Kabwata. A Mathias sankakana, ndiponso sankalola wina kulimanga. Ngodya ziwiri ankamanga zolimba, koma chingwe cha ngodya yachitatu ankachigwira m'manja, atakhala pakampando pambali, ati kuopa kuti mphepo ingang'ambe nsalu. Anthu ankawatamanda kuti bambo amenewa ali ndi mtima wa Chikhirisitu, sachoka pamaliro mpaka kuika. Sankadziwa kuti mphepo ikamawomba, chinsalu n'kutupa, chingwe n'kukoka m'dzanja, a Mathias sankakhala ku Kabwata konse. Kwaya ikuimba nyimbo za imfa, iwo ankakhala akutuluka kumbuyo kwa sitima ya simenti, maso ali pachilumba.

A Elina okha ndi amene ankadziwa. Dzuwa la Lusaka ndi fumbi zinkadya thangalo chaka ndi chaka, ndipo likang'ambika linkabwera pamakina awo. Ankaikapo zigamba za nsalu zotsala posoka, apa chitenje cha amayi a ku tchalitchi, apo yunifolomu ya sukulu, mpaka loyera lija linasanduka la mawangamawanga.

"Imwe simuyenda ku malilo," ankatero akupondaponda makina. "Muyenda kukayendetsa bwato pamitu ya anthu olila. Muzakaulula kwa abambo mfumu?"

"Sokani chabe, amake Becky."

"Nisoka. Mukazi munzanga afunika kuvala."

Ankalitchula choncho bwatolo, mkazi mnzawo, ndipo ankaseka. Koma kuseka kwina kumakhala ndi kanthu pansi pake, ndipo a Mathias ankakamva.

Chaka chatha miyendo ya a Elina inayamba kutupa. Kuchoka pakhomo kufika pamsika ankapuma kawiri. Kuchipatala anati mtima watopa, anawapatsa mapiritsi ndi malangizo ambiri, koma nkhope ya dokotala inanena zimene pakamwa sipananene. Madzulo ena, dzuwa likadalipo, awiriwo atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, a Elina analoza bwato ndi chibwano.

"Atate ake Becky, nasoka chinsalu chanu zaka zonse izi. Nichiona chabe pamwamba pa anthu olila. Pamadzi n'nachiona kamodzi, chitagona." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Nifuna nichione chili chiimile, ine nili mukati. Miyendo ikalibe kukanilatu."

A Mathias anamva mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi. Anathamangira kwa Abson, mwamuna wa Becky, amene ankayendetsa lole yonyamula simenti kupita ku Mpulungu. Mkamwiniyo anakanda mutu, anaimba mafoni, kenako anavomera. Bwato adzalimanga pamwamba pa katundu, amayi adzagona pakabedi ka kuseri kwa dalaivala.

"Koma ba tata, iyi tilipu ya mu Ogasiti ndiye ya lasiti," anatero Abson. "Pambuyo pake banichosa ku Mpulungu, nizayamba kuyenda ku Kasumbalesa. Tikaiphonya, ninshi yapita."

Masabata otsatira anali okoma kuposa ena onse a ukwati wawo. A Mathias anatembenuza bwato, anathamangitsa nkhuku, anamata ming'alu, anapaka penti. Anaimika mlongoti pabwalo pomwepo, bwato lili pamatayala, n'kuwakweza a Elina kuti aphunzire. Ana anadzaza pampanda kuonerera agogo awiri atakhala m'bwato pafumbi.

"Nikakamba kuti welamani, muwelame pamene apo. Osafunsa chifukwa."

"Zaka zonse izi nakhala nikuwelama osafunsa chifukwa."

"Welamani!"

Mtengo wa thanga unadutsa, a Elina anawerama mochedwa dala, duku n'kugwa, ana kumpanda n'kuwomba m'manja. A Elina anavundukula makina awo komaliza n'kudzisokera diresi la ulendo, lachikasu chowala ngati la mtsikana. Becky atadandaula kuti mtunduwo si wa msinkhu wawo, anamuyankha kuti, "Ni dala. Atate ako akanigubuduza, anione msanga."

Sabata ya ulendo itangoyamba, kunja kukucha, kunamveka kulira kuseri kwa mpanda. A Mpundu anali atatisiya. Dzuwa lisanakwere anyamata anafika pageti, manja kumbuyo, kudzapempha thanga. A Mathias anayang'ana mkazi wawo.

"Pelekani," anatero a Elina. "Ni a Mpundu."

A Mathias anawerengera mumtima kuti maliro a m'tauni sachedwa, pofika Lachinayi adzakhala ataika, lole inyamuka Loweruka. Anakalimanga okha monga mwa nthawi zonse. Koma Lachinayi linafika popanda za manda. Mwana wamkulu wa a Mpundu anali kunja kwa dziko, mapepala ake a ulendo anavuta, ndipo abale a ku Kasama analumbira kuti bambo saikidwa mwana woyamba asanaone nkhope. Lachisanu linadutsa chimodzimodzi. Loweruka m'mawa lole ya Abson inaima pamsewu, injini ikulira, bwato litamangidwa kale pamwamba pa simenti. A Elina anakhala pakhonde atavala diresi lachikasu, chikwama pamiyendo.

"Dadi, ni nkhani ing'ono iyi," anatero Becky. "Tizabapezela tenti ina, ise titenge yathu. Yendani mukakambe nabo."

A Mathias anapita. Anapeza azibambo atadzaza pansi pa thanga, ena atagona pamasofa, moto wa pamaliro ukufuka. Anayenda mpaka pamzati wa geti, dzanja linafika pamfundo ya chingwe. Asanamasule anamva akuitanidwa m'nyumba. Mkazi wa a Mpundu anali pamatiresi pakona, maso atatupa, amayi atamuzungulira. A Mathias anagwada pakhomo.

"Ba Daka, natotela sana," anatero mayiyo powathokoza. "Ba Mpundu benze kukamba lyonse ati, nikafa musaniikile matenti ya ku maukwati. Nifuna nsalu ya ba Kapiteni, yamene inaphimba mwana wanga. Mwabachitila vamene benze kufuna. Mulungu amidalitseni."

Kodi pamenepo munthu angayambe bwanji? Kutsitsa mthunzi pamitu ya anthu, thupi lisanalowe m'manda, pa Kabwata akanati a Daka athamangitsa maliro a mnzawo. Mawu amene anabwera nawo anawameza. Anapepesa maliro kachiwiri ngati ndi chimene anadzera, n'kubwerera kwawo manja ali lende.

Mpaka apa palibe angawadzudzule. Cholakwa chinachitika pakhonde pawo.

A Elina anamvetsera zonse, anagwedeza mutu, kenako analoza nkhafi ziwiri zimene zinali zitatsamira mtengo wa mapeyala, zikudikira kukwezedwa.

"Palibe kanthu. Tiyeni chabe. Muzanipalasa na izo."

"Kupalasa?" A Mathias anachita ngati atukwanidwa. "Amake Becky, bwato yopanda thanga ni beseni. Kupalasa aliyense apalasa. Ine nifuna mumvele pamene chinsalu chikhala zii, bwato niyambo yenda yeka. Ndiye chamene n'nakulonjezani."

"Ine nifuna chabe kuona doko, nili pamadzi na imwe."

"Mwayembekeza zaka zonse izi. Simungayende mtunda wonse uja kukakwela beseni. Nizapeza motoka ina. Mphepo ikalipo mpaka Okutobala."

Becky analankhula mpaka mawu anasasa. Abson anayang'ana wotchi, anayang'ana apongozi ake, anayang'ananso wotchi. A Mathias anaumirira. Sanali munthu wankhanza, ndipo ankawakonda mkazi wawo kuposa mmene ankadziwira kunena. Anangokhala atasunga chithunzi chimodzi m'mutu kwa zaka zambiri, mkazi wawo atakhala pakati pa bwato, thanga litatupa pamwamba pake, ndipo sanathe kulola kuti chichepeko ngakhale pang'ono.

"Chabwino, atate ake Becky," anatero a Elina motsitsa mawu.

Anyamata anatsitsa bwato n'kuligonekanso pamatayala. Lole inapita. A Elina analowa m'nyumba pang'onopang'ono, atagwira khoma, ndipo atatulukanso anali atavala chitenje chawo cha masiku onse.

A Mpundu anaikidwa sabata yotsatira. Masiku omalizawo a Mathias sanakagwire chingwe, manyazi ndi mkwiyo zinawatsekera m'nyumba, ndipo mphepo ya Ogasiti inang'amba thanga pakati. Linabwera litapindidwa, anyamata akupepesa. Iwo sanafune n'kuliona komwe. Analiponya pampando n'kuyamba kuyenda m'tauni kusaka galimoto. Anapita kumalo okwerera mabasi a kutali, makondakitala anawaseka. Anayenda m'mayadi a malole kumafakitale, uyu akuti bwerani mawa, uyo akuti bwana kulibe. Ankachoka m'mawa, kubwera madzulo fumbi lili mpaka m'nsidze, n'kupeza mkazi wawo ali pomwe anawasiya, akupuma movutikira kuposa dzulo. Masiku amene akanakhala pambali pawo anawathera pamsewu. Pomaliza anapeza dalaivala wina wa kapenta amene analonjeza kuwatenga kumayambiriro kwa Okutobala. Anabwera nayo nkhaniyo akuthamanga ngati mwana, ndipo a Elina anamwetulira n'kunena kuti zili bwino.

A Elina anamwalira Seputembala asanathe, masana, ali pampando wawo pakhonde.

Masofa anatulutsidwa panja. A Mathias anakhazikidwa m'chipinda, pamphasa, mkulu wina wa kumphakati wawo atakhala pambali kuwayang'anira, chifukwa wofedwa sagwira ntchito pamaliro a mkazi wake. Kwa nthawi yoyamba thanga linamangidwa ndi anthu ena. Tsiku lachiwiri Becky analowa, maso ofiira, atanyamula diresi lachikasu lija.

"Dadi, nenze kufuna tibavalike iyi. Manje onani. Nindani anadula?"

Kumbuyo kwa diresilo kunali kutadulidwa chinsalu chachikulu, mowongoka bwino, ndi sizasi ya munthu wodziwa ntchito yake. A Mathias anapukusa mutu. Sankadziwa, ndipo mutu wawo sunkagwira kanthu.

Masana mphepo inadzuka, ija ya fumbi imene imatsirizira chilimwe. Ali m'chipindamo anamva thanga likukupiza panja, phaphapha, phaphapha. Anyamata anali atalimanga molekerera. Anapirira. Kwaya inayamba nyimbo, koma phokoso lija linkapyoza nyimboyo. Mwadzidzidzi anaimirira.

"A Daka, khalani pansi, si mwambo uwu," anatero mkulu uja.

Sanamve. Anadutsa pakati pa amayi, anatuluka opanda nsapato, azibambo n'kumapatuka. Anafika pamzati wa geti, anamasula mfundo ya anyamata ija, anakulunga chingwe m'dzanja n'kukweza maso. Pakati pa thanga, pamene linang'ambika pamaliro a a Mpundu, panali chigamba chatsopano chachikasu, chosokedwa pamanja, ulusi wake wokhotakhota chifukwa zala zinali zitatupa. A Elina anachisoka masiku amene amuna awo ankazungulira m'mayadi a malole, n'kulipinda thangalo osawauza.

Anakoka chingwe pang'ono. Chinsalu chinatupa n'kukhala chete, chigamba chachikasu chikuwala padzuwa. Anakhala pansi pafumbi pomwepo. Amene anali pafupi anawamva akulankhula motsitsa, ngati munthu wouza mnzake njira.

"Apa tapita kumbuyo kwa sitima, amake Becky, mphepo izasowa pang'ono, musaope. Iyo yabwela. Gwililani. Muona chilumba icho? Yang'anani pansi, miyala ioneka. Manje titembenuka. Welamani."

Becky anabisa nkhope m'diresi lija. Palibe anayesa kuwaimitsa. Anazungulira doko lonse atakhala pageti pawo, misozi ikutsikira m'ndevu, mpaka dzuwa linapendeka.

Kenako mphepo inaleka, monga imachitira. Thanga linagwa mphwayi n'kulendewera, chingwe chinafewa m'dzanja. Dzanja lawo lina linapita lokha pambali kukafufuza nkhafi, mmene linkachitira panyanja nthawi zonse mphepo ikatha. Linagwira fumbi. Atatembenuka anaziona zili chitsamire pamtengo wa mapeyala, pomwe zinasiyidwa m'mawa wa Loweruka lija, penti yake ikadali yatsopano. Pamadzi sanaiwalepo ngakhale tsiku limodzi zimene a Kangwa anawauza. Anadzaiwalira pakhonde pawo, pamene mkazi wawo anawapempha yekha. Apa m'pamene analira mokweza, kulira koipa kwa munthu wamkulu, mpaka azibambo anzawo anayang'ana kumbali.

Dalaivala wa kapenta uja anasunga lonjezo. Anafika pageti kumayambiriro kwa Okutobala n'kuliza hutala, ndipo a Mathias anatuluka kukamuthokoza n'kumuuza kuti apite. Thanga amabwereketsabe, sakana munthu. Amakalimanga okha monga kale, koma masiku ano amamanga ngodya zonse zitatu zolimba, n'kukakhala kumbuyo kwa anthu, manja ali pamawondo.